Wotapampu ndi lamba wa taiming'i: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene eni galimoto, madalaivala a maminibasi ndi anyamata ophunzira umakaniko amatifunsa kawirikawiri pagalaji pathu kuno ku Salima, makamaka Okutobala akamayandikira, nyengo imene galimoto zimawira motsatizana. Tayankha mmene timayankhira pamaso. Manambala enieni a injini yanu ali m'buku la injiniyo, ndipo buku likasiyana ndi ife, mverani buku.

Ndabwera kuti musinthe lamba basi. Nanga za wotapampu zikuchokera pati?

Funsoli limabwera ndi nkhope yokayika, ndipo sitidabwa: munthu amaganiza kuti makaniko wapeza podyera. Koma taonani mmene injini anaikonzera. Lamba wa taiming'i ndi amene amalumikiza kulanki (shafti yozungulitsidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (shafti yotsegula mavaluvu) kuti ziziyendera limodzi. Pa injini zambiri za lamba, wotapampu, pampu yokankha madzi oziziritsa injini, imakhala kuseri kwa kava ya taiming'i, ndipo pa zina lamba yemweyo ndiye amaizungulitsa. Kuti tiifike tiyenera kukhutula madzi, kuchotsa malamba akunja, kumasula pule ya kulanki imene bawuti lake limalimba koopsa, pa galimoto zina kutsamiritsa injini pa jeke n'kuchotsa mounting ya mbali imodzi, kenako makava, tensioner (chokokera lamba kuti alimbe) ndi lamba. Tikafika pamenepo thukuta lonse latuluka kale. Kuchotsa pampu ndi mabawuti owerengeka chabe.

Tsono mukasintha lamba yekha, pampu n'kuyamba kudontha patapita miyezi ingapo, mudzalipiranso ntchito yonse ija. Mwinanso lamba watsopano uja adzakhala atanyowa ndi kulanti (madzi a mankhwala oziziritsa injini), n'kufunika kugulanso wina. Pampu ndi lamba zayenda ulendo umodzi kuchokera tsiku limene zinamangidwa. Kuyembekeza kuti pampu imene yatha makilomita 100,000 ipirirenso ena 100,000 ndi kuchita juga ndi injini. Ife maganizo athu ndi omwewo nthawi zonse: lamba akatsika, pampu itsike naye.

Kodi galimoto iliyonse ili ndi lamba wa taiming'i?

Ayi, ndipo ambiri amene amatiimbira foni ali ndi nkhawa alibe lamba n'komwe. Probox, Sienta, Vitz, Passo, Corolla ya NZE, Honda Fit, Nissan Note ndi Tiida zimayendera tcheni. Injini zake, monga 1NZ-FE, 1KR-FE, 1ZZ-FE ndi HR15, pampu yake imazungulitsidwa ndi lamba wakunja ndipo imachotsedwa osakhudza taiming'i.

Za lamba ndi monga 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE za Corolla ndi Carina zakale, 3S-FE ya RAV4 ndi Noah zoyamba zija, 2C ndi 3C za dizilo, 3L ndi 5L za Hiace ndi Hilux, 1KZ-TE, 1KD ndi 2KD, 4D56 ya Mitsubishi, B20B ya Honda CR-V yakale, ndi EJ20 ya Subaru. Daihatsu Mira zili pawiri: za injini ya EF zili ndi lamba, za KF zili ndi tcheni. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana kutsogolo kwa injini. Kava ya pulasitiki yakuda, youma, kawirikawiri imabisa lamba. Kava yachitsulo yomatidwa kuti isatulutse oyilo imabisa tcheni.

Pa injini zonse za lamba, ndi lambayo amene amazungulitsa pampu?

Si zonse. Pa 3S-FE, 2C, 3C, B20B ndi EJ20 lamba wa taiming'i amadutsa pa pule ya pampu. Izi ndiye zoopsa kwambiri pampu ikatopa. Pa 4A-FE, 5L ndi 4D56 pampu imazungulitsidwa ndi lamba wakunja, koma thupi lake lili pomwepo pa malo a taiming'i, choncho nthawi yabwino yoisintha ndi yomweyo makava ali pansi, ndipo ikadontha madzi ake amatha kufika pa lamba. 

Palinso zina zodabwitsa. Pa ma Opel Corsa akale, kuphatikizapo timabaki tija tochokera ku South Africa, pampu yomweyo ndiyo imathandiza kukoka lamba: thupi lake limapotokolidwa pang'ono kuti lamba alimbe kapena akhwefuke. Makaniko wosazolowera akangoimanga mmene yagwera, lamba amakhala wolimba kwambiri kapena wolendewera.

Lamba ayenera kusinthidwa liti?

Pa injini zambiri za ku Japan malire ndi makilomita 100,000. Pa 1KD ndi 2KD, Toyota inaika 150,000. Ma Hilux, Hiace ndi Prado a dizilo okhala ndi lamba amayatsa getsi lolembedwa T-BELT nthawi ikakwana. Dziwani kuti getsi limenelo limangowerenga makilomita, silikuona lamba. Munthu akhoza kulizimitsa osasintha chilichonse, ndipo ogulitsa galimoto ena amachitadi zimenezo.

Zaka nazonso zimawerengedwa. Labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala, ndipo kutentha kwa kuno kunyanja sikumuchitira chifundo. Lamba amene wapitirira zaka 5 kapena 6 muyambe kumukayikira ngakhale makilomita asanakwane. Galimoto yongofika kuchokera ku Japan, yang'anani kapepala komata pa kava kapena pansi pa boneti: akasintha lamba kumeneko amakonda kulembapo makilomita ndi deti. Ngati palibe kapepala ndipo mita ikuyandikira 100,000, tengani kuti lamba ndi wa kufakitale.

Pampu ikawonongeka ingadule bwanji lamba?

Njira zake ndi ziwiri. Bering'i ya pampu ikatha, pule imayamba kupendama, lamba n'kumayenda chammbali, kudyeka m'mphepete mpaka kudumpha mano. Bering'iyo ikagwira n'kuimiratu, lamba amakhuzika pa pule yosazungulira, amapsa kapena kuthothoka mano m'kanthawi kochepa. Njira yachiwiri ndi yapang'onopang'ono: kulanti wodontha amafewetsa lamba.

Chotsatira chake chimadalira injini. Pa 3S-FE ndi 4A-FE lamba akaduka galimoto imangozima, mumaikoka, timamanga lamba wina, nkhani yatha. Pa injini za dizilo monga 2C, 3C, 5L, 1KZ ndi 4D56, komanso pa B20B, mavaluvu ndi mapisitoni amasinthana malo amodzi. Taiming'i ikasokonekera zimagundana: mavaluvu amapindika, nthawi zina camshaft imathyoka ndipo hedi imang'aluka. Ndalama ya pampu ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya hedi ya 5L. Ndipo izi sizichitikira pakhomo. Zimakupezani pa Khombedza kapena pa Benga muli ndi anthu odzaza m'galimoto.

Pampu yanga ikuoneka yabwinobwino. Simungangoibwezeretsa yomweyo?

Zimatheka, ndipo nthawi zina timachita. Ngati pampu inasinthidwa posachedwa, ndi ya kampani yodziwika, ndipo lamba tamutsitsa pa chifukwa china, monga seal ya oyilo yodontha kapena gasiketi ya hedi, palibe chifukwa chotayira chinthu chabwino. Koma iyambe yapambana mayeso awa.

Gwirani pule ndi dzanja muigwedeze uku ndi uku, kenako muikoke n'kuikankha. Isagwedezeke ngakhale pang'ono. Izungulitseni pafupi ndi khutu. Yabwino imazungulira mosalala, mogwira pang'ono chifukwa cha seal yam'kati. Ikamati khwekhwekhwe, kapena ikamathamanga yokha mopepuka kwambiri, bering'i yauma. Kenako yang'anani kabowo kakang'ono kamene kali pansi pa khosi la pampu. Kabowoko anakaikapo dala kuti madzi odutsa pa seal azitulukira kunja m'malo molowa mu bering'i. Mukaona mzere wa zouma zoyera, zofiirira kapena zobiriwira ukutsika kuchokera pamenepo, seal yayamba kutopa.

Chomaliza sichioneka pampu ili pa injini: mapiko ake. Tinatsitsapo pampu ya Townace imene sinkadontha, sinkalira, pule yake ili nganganga, koma galimoto inkawira ikangoyamba chitunda. Titaitembenuza, mapiko anali atadyeka ndi dzimbiri, kutsala timizere topyapyala toti munthu n'kuthyola ndi chikhadabo. Inkazungulira ndithu, koma madzi osawakankha. Pa mapampu a mapiko a pulasitiki, onani ngati sanang'aluke kapena kukhwefuka pa shafti.

Ena amati, "Madala, ingobwezerani yomweyo, ndalama zathera ku lamba." Timamva, mthumba mumavuta. Ikapambana mayeso timabwezeretsa, koma timalemba pa kadi ya ntchito kuti pampu ndi yakale. Ikalephera sitimanga, ngakhale mutatinyengerera bwanji, chifukwa injini ikadzagundana dzina loipa lidzakhala lathu. Chimene sitibwezeretsa konse ndi gasiketi kapena O-ring (kamphete ka labala kotchinga madzi) yakale.

Pomanga pampu, chofunika kwambiri n'chiyani?

Pamalo pamene pampu ikukhala. Mapampu ambiri amene amabwera kwa ife akudontha atangomangidwa kumene, vuto silikhala pampu, limakhala pokhalira pake.

Gasiketi yakale imasiya zipsera zomatirira pa buloko. Zonsezo zichoke, mpaka chitsulo chioneke poyera ndipo chala chikamadutsapo chisamve kanthu. Palani ndi chopalira cha pulasitiki, kapena lezala mutaigoneka, modekha. Sikuludilaiva ndi tchizulo zimakanda aluminiyamu, ndipo mkwasa umodzi wodutsa pa mzere wa gasiketi ndi njira ya madzi. Musanayambe kupala, tsekani dzenje la madzi ndi kansanza koyera kuti zinyenyeswa zisagwere m'kati, ndipo musaiwale kukachotsa. Mukatha pukutani ndi nsalu yonyowetsa ndi brake cleaner kapena sipiriti, paume.

Ikani pampu yatsopano pambali pa yakale musanatsegule gasiketi. Werengani mabowo, yerekezani kutalika kwa pule, mano ake ngati ili ndi mano, kukula kwa mapiko ndi mbali imene apendekera. Mapampu ena amafanana nkhope koma pule ya ina n'kukhala yotuluka kunja pang'ono, ndipo lamba adzayenda mopendama. Zimenezi muzione mukadali ndi mwayi wobweza katundu kushopu, makamaka ngati mwachita kuitanitsa ku Lilongwe.

Nanga silikoni? Ena amati wambiri ndiye wabwino.

Apa ndiye timakangana ndi anzathu ambiri. Gasiketi yachitsulo yokutidwa ndi labala imamangidwa youma. O-ring safuna silikoni ngakhale dontho. Gasiketi ya pepala, pa malo osalala bwino, nayonso imagwira yokha. Ngati pali timaenje ta dzimbiri, pakani kochepa kwambiri, koti pepala lizionekabe. Pali injini zina zimene sizigwiritsa gasiketi konse, zimene buku limanena kuti muike mzere wa sealant. Pamenepo ikani mzere umodzi woonda, wosadukiza, wolambalala mabowo a mabawuti cha mbali ya madzi, mumange asanaume, ndipo mudikire nthawi imene yalembedwa pa chubu musanathire madzi.

Silikoni wochuluka akafinyidwa amatulukira mbali ziwiri. Wakunja mumamuona n'kumupukuta. Wam'kati amalendewera m'madzi, amaduka, n'kuyamba ulendo. Tikatsegula rediyeta ya galimoto yotere timapeza tizingwe tofiira kapena totuwa titatseka timachubu, tina titakola pa thermostat, tina mu hita. Tina timakalowa pa seal ya pampu yomwe mwangogulayo n'kuidonthetsa. Komanso silikoni amachititsa gasiketi kuterera pomanga, n'kutulukira pambali.

O-ring ndimupake girisi kuti alowe mosavuta?

Ayi. Labala wa m'njira za madzi amafufuma akakumana ndi oyilo kapena girisi wamba. Munyowetseni ndi kulanti kapena madzi a sopo. Onetsetsani kuti wakhala mumpata wake osapotoka, ndipo pampu ilowe molunjika ndi manja, osati mochita kukokedwa ndi mabawuti.

Mabawuti ndimange molimba bwanji?

Choyamba, mabawuti a pampu nthawi zambiri salingana kutalika. Pomasula tengani katoni, mujambulepo chithunzi cha pampu, mubowole, ndipo bawuti lililonse mulibaye pamalo pake. Lalitali likalowa pa dzenje lalifupi limafika pansi lisanafinye gasiketi, kapena limang'ambula buloko. Lalifupi pa dzenje lalitali limangogwira mizere iwiri n'kuikokolola. Maenje a mabawuti akhale ouma. Madzi otsalira m'dzenje lotsekeka kumapeto amapanikizika pomanga ndipo akhoza kung'alula aluminiyamu.

Lowetsani onse ndi zala kaye. Kenako mangani modumphadumpha, ili kenako la mbali inayo, kawiri kapena katatu, kuwonjezera pang'onopang'ono. Mabawuti ang'onoang'ono a sipanala 10 amafuna mphamvu yochepa kwambiri, pafupifupi 8 mpaka 12 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). A sipanala 12 amakhala cha m'ma 20 Nm. Mphamvu imeneyo ndi ya dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Anyamata ophunzira ntchito amathyola mabawuti amenewa chifukwa choopa kuti adontha, ndipo kutulutsa chiduswa chothyokera mu buloko kumadya tsiku lonse. Galaji imene imagwira ntchito za taiming'i iyenera kukhala ndi torque wrench yaing'ono, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndipo simulakwa kufunsa ngati ilipo.

Kachenjezo kena: pampu ikakhala pamalo, lumikizani mapayipi, thirani kulanti, mudikire pang'ono musanamange lamba ndi makava. Ngati pali podontha muona pompo, zonse zikadali poyera. Kulanti akagwera pa mapule, pukutani paume lamba asanafikepo.

Pampu yokha ndiyo yafa. Lamba ndingabwezeretse wakale?

Ngati wangoyenda pang'ono, sananyowe ndi kulanti kapena oyilo, ndipo munalemba muvi wosonyeza mbali imene amazungulirira musanamuchotse, n'zotheka. Akanyowa, wapita. Musamuchape ndi petulo.

Taiming'i isasokonekere, mumatani?

Lamba asanachoke timazungulitsa injini ndi dzanja mpaka mamaki a kulanki ndi a camshaft afanane ndi a pa injini. Pa dizilo ngati 2C ndi 5L palinso maki a injector pump. Lamba akachoka, kulanki ndi camshaft zisazungulitsidwe pachokhapachokha pa injini zogundana zija. Mitsubishi 4D56 ili ndi malamba awiri, wamkulu ndi wamng'ono wa balancer kuseri kwake. Wamng'onoyo akaduka amakola wamkulu, choncho amasinthidwa onse.

Lamba watsopano musamupinde mwamphamvu kapena kumukankha ndi sikuludilaiva, chifukwa ulusi wam'kati umathyoka osaoneka. Ngati ali ndi muvi, ulozetseni kumene injini imazungulirira. Yambirani pa kulanki, mbali yokoka ikhale yolimba, kukhwefuka konse kutsalire mbali ya tensioner.

Tensioner ya sipuling'i isiyeni ikoke yokha, musaonjezere ndi chitsulo. Lamba wolimba mopitirira amalira mluzu ndipo amapha bering'i ya pampu yatsopano msanga. Tensioner ya mafuta, monga ya Subaru ndi 1KZ, imafinyidwa pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, n'kutsekedwa ndi kapini, ndipo kapiniko kamasololedwa pomaliza lamba atakhala bwino. Mukaifinya mwachangu imawonongeka m'kati.

Mukatha, zungulitsani kulanki ndi sipanala maulendo awiri athunthu, mbali imene injini imazungulirira, mamaki abwerere pamalo pake onse. Mukamva kugwira penapake, imani, musakakamize. Sitata isakhudzidwe izi zisanachitike. Bawuti la pule ya kulanki pa injini zambiri limafuna mphamvu yopitirira 100 Nm, ndipo likakhwefuka pule imadya kiyi ndi mutu wa kulanki.

Pali zinanso zoyenera kusintha nthawi yomweyo?

Tensioner ndi ma idler (mapule otsogolera lamba), chifukwa bering'i zake zatopa limodzi ndi lamba. Ma seal a oyilo a kulanki ndi camshaft ngati akuonetsa chinyezi. Thermostat ndi chivindikiro cha rediyeta ndi zotsika mtengo, ndipo madzi akhutulidwa kale. Finyani mapayipi: lofewa kwambiri, lotupa kapena louma gwa lisinthidwe.

Kuno n'kotentha. Si bwino kungochotseratu thermostat?

Chizolowezi chimenechi chafala, koma sitigwirizana nacho. Thermostat imagwira madzi mpaka injini ifunde, pa Toyota zambiri mpaka madigiri 82, kenako imatseguka. Mukaichotsa injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga m'kati. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Popanda iyo, madzi ena amangozungulira momwemo osapita ku rediyeta, galimoto n'kumawirabe pa chitunda. Galimoto ikamawira pali chifukwa chake: rediyeta yotsekeka, fani yosagwira, pampu yodyeka mapiko, chivindikiro chotha, kapena gasiketi ya hedi. Pomanga thermostat, kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera kaloze m'mwamba kuti mpweya uzituluka.

Madzi a pamjigo kapena a m'nyanja ali ndi vuto lanji? Ndi aulere.

Ndiwo adya mapampu ambiri amene timatsitsa. Mijigo yambiri ya m'mbali mwa nyanja muno madzi ake ndi a lukwa. Onani m'kati mwa ketulo imene mumawiritsira madzi oterowo: zoyera zokakamira zija zimachitikanso m'timachubu ta rediyeta ndi pa seal ya pampu. Mchere umafulumizitsa dzimbiri, ndipo dzimbiri loyandama m'madzi limapala seal. A m'nyanja alibe mchere wambiri koma amabwera ndi timchenga.

Kulanti sikuti ndi wa kumaiko ozizira okha. Ntchito yake yaikulu kuno ndi kuteteza chitsulo ndi aluminiyamu ku dzimbiri ndi kukweza malire owirira. Wosakaniza theka ndi theka amawira cha pa madigiri 107, ndipo chivindikiro cha rediyeta chikamagwira bwino amapitirira 120 asanawire. Werengani pa chigubu: wina ndi wosakaniza kale, monga wapinki wa Toyota, wina amafuna kusungunula. Sungunulani ndi distilled water, madzi omwe aja othira m'batire, osati asidi. Akasowa, madzi a mvula osefa bwino ndi abwino kuposa a pamjigo. Musasakanize makulanti osiyana podalira mtundu wake, chifukwa makampani amaika utoto mmene afunira. Ngati madzi akale atuluka ofiira ndi dzimbiri, tsukani injini ndi rediyeta pampu yatsopano isanamangidwe.

Panjira, injini ikataya madzi, thirani alionse oyera amene mwapeza kuti mufike, koma mukafika mukhutule. Kulanti wakale musamusiye m'beseni poyera. Amatsekemera, ndi poizoni, ndipo agalu, mbuzi ngakhale ana akhoza kumwa.

Mwamanga zonse koma mita ya kutentha ikukwera. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi mpweya wotsekeredwa m'kati. Pampu siikankha mpweya, ndipo ikazungulira youma seal imapsa. Imikani galimoto kutsogolo kuli pamwamba, tsegulani hita mpaka kotentha kwambiri, thirani kulanti pang'onopang'ono, mukufinya mapayipi. Injini zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya: katseguleni mpaka patuluke madzi opanda thovu. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muzionjezera madzi akamatsika, mpaka mapayipi onse awiri atenthe ndipo fani izungulire. Hita ikamatulutsa mpweya wozizira injini ili yotentha, mpweya ukadalimo. Mawa lake m'mawa, injini ili yozizira, onaninso mu rediyeta ndi m'kabotolo. Ngati thovu silikutha ngakhale mutachita zonsezi, tiyambe kuyang'ana gasiketi ya hedi.

Pampu yatsopano ikuonetsa kachinyezi pa kabowo kaja. Andigulitsa yabodza?

Osati nthawi zonse. Seal yatsopano imatha kutulutsa timadontho tochepa masiku oyamba isanakhazikike, kenako n'kusiya. Ngati ikudonthabe mpaka kunyowetsa pansi, kapena madzi akutsika m'kabotolo, bwererani nayo. Kabowoko musakatseke ndi silikoni kapena kamtengo. Mukatero madzi amalowera mu bering'i.

Ndigule pampu yotani? Nanga ya kaunjika?

Aisin ndi imene imapangira Toyota mapampu ambiri. GMB ndi NPW nazonso ndi zodziwika. Pa malamba pali Gates, Mitsuboshi ndi Bando. Tsoka lake mabokosi a maina amenewa amakoperedwa, choncho yang'anani chinthu chenichenicho: pokhalira gasiketi pakhale posalala, zilembo zikhale zooneka bwino, bering'i isagwedere. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Pitani ndi nambala ya injini ndi ya chassis, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa Noah imodzi ili ndi 3S-FE, ina 3C, ina 1AZ ya tcheni.

Masipeyala a kaunjika ali ndi malo ake, monga zitseko, magetsi, ngakhale giyabokosi. Koma pampu imene yakhala youma pashelefu kwa miyezi, seal yake simungaidalire, ndipo lamba wa kaunjika ndiye ayi ndithu.

Ntchito ikatha ndinganyamuke ulendo wautali tsiku lomwelo?

Yambani mwaiyesa pafupi. Kuchokera pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay n'kubwerera ndi kokwanira kuti injini ifunde bwino. Mukabwerako suzumirani pansi, mverani kutsogolo kwa injini ngati kuli mluzu kapena kukhuzika, isiyeni izizire, muonenso madzi. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota ndi wathyathyathya, subvutitsa injini kwambiri. Mayeso enieni ali pa M14, msewu wopita ku Lilongwe. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo kukwera konseko kumaunjikana pa zitunda za ku Mvera. Ulendo woyamba wokwera kumeneko diso likhale pa mita, ndipo munyamule kulanti wapadera.

Singano ikayamba kukwera, zimitsani AC, tsegulani hita, patukani pamalo abwino. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, ndipo musathire madzi ozizira pa hedi.

Ndidziwa bwanji kuti mwasinthadi, poti zonse zili kuseri kwa kava?

Pemphani kuona kava isanatsekedwe, kapena makaniko akutumizireni zithunzi pa WhatsApp ngati muli kuntchito. Zakale zonse, pampu, lamba, tensioner ndi ma idler, ndi katundu wanu, mupatsidwe pamodzi ndi mabokosi a zatsopano. Makaniko wogwira ntchito yake bwino sakwiya nazo zimenezi. Pa kava palembedwe ndi penti makilomita ndi deti, komanso ngati pampu yasinthidwa kapena yabwezeretsedwa yakale. Pa galimoto za T-BELT getsi liyambitsidwenso kuti liwerenge kuchokera pa lamba watsopano. Ngati mita ya makilomita inafa, monga zilili ndi maminibasi ambiri a pa M5, deti lokhalo ndilo mudzawerengere, ndipo kwa minibasi yoyenda Salima–Nkhotakota tsiku ndi tsiku, makilomita 100,000 amakwana pasanathe zaka ziwiri.